Kugula kapena kusakaniza nokha: njira zisanu zopezera pefyumu kuno ku Chipata

Fungo loyamba limene ndinalikonda silinatuluke m'botolo. Linali la azakhali anga a ku Katete. Loweruka madzulo ankapala makala awiri atatu n'kuika pa phale, kuwazapo timiyala ta lubani, kuvundikira ndi dengu, kenako n'kuyala chitenje chawo cha Lamulungu pamwamba pake. M'mawa utsi uja unali utakhazikika m'nsalu, utasakanikirana ndi sopo ndi mafuta a nsatsi amene ankadzola m'miyendo. Ine ndinkawalondola mpaka ku tchalitchi, mphuno ili pa chitenje.

Lero pansi pa bedi langa pali katoni yodzaza mabotolo, ena ogula, ena osakaniza ndekha, ena olephereka amene ndimasunga kuti ndisaiwale pamene ndinaphonya. Anzanga akuntchito amadziwa zimenezi, ndiye funso silitha: "Asisi, ndigule iti?" Kale ndinkangotchula dzina. Ndinasiya nditaona kuti pefyumu imene pa ine imafika madzulo, pa mnzanga wa ku Mchini inkatha asanatsike n'komwe pa njinga pa Kapata. Tsopano ndimayamba ndafunsa kumene munthu amatandala, ndalama imene ali nayo, ndi mmene khungu lake lilili. Zili m'munsizi ndi zomwe ndimawauza tikakhala pansi.

Muyeso wanga

Ndimayang'ana zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, koma wa pa tsiku, osati wolembedwa pa shelefu. Kupopera kamodzi kumatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mililita, ndiye botolo la 100 ml limapopera ka 1,000 kapena kuyandikira apo. Mukamapopera kanayi pa tsiku, likufikitsani masiku 250. Tiyerekeze mwaligula K1,000: ndiye kuti tsiku lililonse mukudya K4. Tiyerekezenso kachitini ka K60 kamene kamatha m'masabata awiri: nakonso ndi K4 ndi kakusintha. Ikanipo mitengo imene mwaipeza inu pamsika, muona kuti chotchipa m'manja sichikhala chotchipa pa chaka.

Chachiwiri ndi kupezeka. Kodi mungayese pa khungu musanalipire? Ikatha, mudzaipezanso yomweyo? Chachitatu ndi kasamalidwe, pakuti pefyumu ili ndi adani atatu, kutentha, kuwala ndi mpweya, ndipo onsewo kuno alipo ochuluka. Chachinayi ndi zoopsa: ku khungu, ku zovala, ku chifuwa cha amene mwakhala nawo pafupi, ndi ku thumba lanu mukagulitsidwa yabodza.

Pali zinthu ziwiri zimene muyenera kudziwa musanaweruze botolo lililonse. Mawu a Chifalansa olembedwa pansi pa dzina amanena kuchuluka kwa mafuta onunkhira m'kati. Parfum kapena extrait imakhala ndi magawo 20 mpaka 30 pa 100 aliwonse, eau de parfum 15 mpaka 20, eau de toilette 5 mpaka 15, cologne 2 mpaka 5, ndipo zotchedwa body mist zimatsika kuposa apo. Zotsalazo ndi ethanol, mowa woyera wosungunulira mafutawo, ndi timadzi pang'ono. Si lamulo lokhwima, kampani iliyonse imasuntha malire, koma limakupatsani poyambira.

Chinacho n'chakuti pefyumu imayenda ulendo. Ine ndimaugawa patatu: mutu, mtima ndi tsinde. Mutu ndi zimene mumamva mukangopopera, monga ndimu, lalanje kapena timasamba tozizira, ndipo zimauluka m'mphindi 15 mpaka 30. Mtima ndi maluwa ndi zokometsera, umakhala maola angapo. Tsinde ndi mitengo, utomoni, vanila ndi musk, ndipo ndilo limatsala pa kolala mawa lake. Wogulitsa amakugulitsani mutu, koma inu mudzakhala ndi tsinde. Choncho poperani pamkono, tulukani m'sitolo, kagulani tomato, kwerani njinga, mutuluke thukuta, mununkhize pakatha maola atatu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pa kapepala ka m'sitolo ndi wa mphepo.

Njira yoyamba: botolo lenileni la mayina akuluakulu

Apa ndikunena za Chanel, Dior, Guerlain ndi anzawo. Chimene mumalipira ndi luso la munthu amene anaphunzira mphuno zaka zambiri, ambiri a iwo ku Grasse, tauni ya kummwera kwa France. Chanel No. 5 anaipanga Ernest Beaux mu 1921 ndipo ikugulitsidwabe mpaka lero. Koma musanamizidwe kuti yodula ndi ya maluwa okhaokha. Kuyambira pa Fougère Royale ya mu 1882 ndi Jicky ya mu 1889, opanga akhala akusakaniza zakutchire ndi zopangidwa m'labotale, ndipo n'chifukwa chake fungo limatuluka lofanana botolo ndi botolo.

*Mtengo.* Ndi zikwi za makwacha, kwa ambiri malipiro a mwezi wathunthu. Umakwera dola ikakwera, ndipo gawo lalikulu la ndalamayo limapita ku galasi, bokosi, kutsatsa, msonkho ndi lendi ya sitolo. Njira yozembera ilipo: kugula yothiridwa m'kabotolo ka 5 ml kapena 10 ml kuchokera m'botolo lalikulu. Pa mililita imatuluka yodula, koma mumakhala nayo mwezi wathunthu musanaganize zoika ndalama ya chilimba pa botolo lonse.

*Kupezeka.* Apa ndi pamene njirayi imagwera. Masitolo amene angakupatseni risiti ndi botolo loyesera ali ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 550 pa Great East Road, ndi ku Lilongwe, kumene ndi pafupi kudzera pa Mwami koma muyenera kusintha ndalama. Ambiri amatumiza wachibale wochokera ku Johannesburg kapena ku Dubai. Zikatero mwagula osanunkhiza.

*Kasamalidwe.* Ikasungidwa m'bokosi lake, m'kabati, kutali ndi zenera, imatha zaka zitatu kapena kuposa. Ine ndinataya botolo langa loyamba lenileni chifukwa ndinkafuna lizioneka. Ndinaliika pa zenera la kuchipinda, nyumba ya malata yopanda siling'i, mwezi wa Okutobala. Pofika Khirisimasi madzi anali atada ngati tiyi, ndimu ya pamutu itasanduka fungo la viniga. Ndinalira. Zopepuka za ndimu ndi lalanje ndizo zimafa msanga, zolemera za mitengo zimapirira.

*Zoopsa.* Choopsa chachikulu ndi yabodza yovala dzina la yeniyeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Onani pulasitiki yokutira bokosi ngati yamatidwa mwaukhondo, onani ngati nambala ya pansi pa bokosi ikufanana ndi ya pansi pa botolo, werengani kalembedwe ka mawu, yang'anani kapaipi ka m'kati ngati sikali kokhuthala ndi kopindika. Koma chizindikiro chosanama ndi mtengo. Botolo la zikwi zitatu silingagulitsidwe mazana awiri pa tebulo la padzuwa. Yabodza sindikuiwerengera ngati njira, chifukwa palibe amene angakuuzeni chimene chili m'katimo, ndipo khungu likatupa mulibe kokadandaula. Mukagula m'sitolo ndipo muli ndi risiti, bungwe la boma loteteza ogula la CCPC limamva madandaulo anu.

Njira yachiwiri: za ku Dubai

Zaka zapitazi mabotolo a Lattafa, Armaf, Rasasi ndi Ajmal adzaza m'mabutiki ndi pa WhatsApp. Anthu ena amazisokoneza ndi zabodza, koma n'zosiyana. Izi zimavala dzina lawolawo ndipo zimapangidwa m'mafakitale odziwika. Zina ndi fungo latsopano, zina zimatsanzira fungo lotchuka: aliyense wokonda pefyumu amadziwa kuti Club de Nuit Intense Man ya Armaf imayenda m'mapazi a Aventus ya Creed. Masiku ano pali makina a m'labotale amene amagawa pefyumu n'kuonetsa zambiri zimene zili m'kati, ndiye kutsanzira sikovuta ngati kale.

*Mtengo.* Kawirikawiri ndi kagawo chabe ka mtengo wa botolo la ku Paris, ndipo zambiri ndi za 100 ml. Pa muyeso wa pa tsiku, njira iyi imapambana pafupifupi zonse.

*Kupezeka.* Zimabwera ndi amalonda oyenda ku Lusaka, ku Nakonde ndi ku Dar es Salaam, ndipo kuno m'tauni simuvutika kuzipeza. Vuto ndi lakuti wamalonda amabweretsa zimene zikuyenda mwezi umenewo. Mukakonda ina yosatchuka, ikatha mungadikire miyezi. Ambiri safunanso kutsegula botolo kuti muyese. Funsani ngati ali ndi lotsegula kale, ndipo amene wakana zonse mumusiye.

*Kasamalidwe.* N'chimodzimodzi ndi zoyamba zija. Chimene ndaona ine n'chakuti zina zikangotsegulidwa zimakhala zaukali, ethanol ali patsogolo, koma mukapopera kangapo n'kuzisiya m'kabati masabata atatu kapena anayi zimafewa. Musaweruze tsiku loyamba.

*Zoopsa.* Zilipo ziwiri. Zatchuka kwambiri moti nazonso zayamba kuberedwa dzina, ndiye malamulo a bokosi ndi nambala aja agwiranso ntchito. Chachiwiri ndi kulemera kwake. Zambiri ndi zotsekemera, za vanila, sinamoni, utomoni ndi oud, zopangira anthu okhala m'nyumba zoziziritsidwa ndi makina. Mu Juni ndi Julayi, mphepo ikamawomba kuchokera m'mapiri, zimakoma zedi. Mu Okutobala, m'minibasi yodzaza yopita ku Lundazi, kupopera kasanu ndi kulanga anzanu. Mphuno yanu imazolowera fungo lanu m'mphindi zochepa n'kusiya kulimva, koma wa mphumu amene wakhala pambali panu akulimva lonse. Kawiri n'kokwanira.

Za oud ndinenepo pang'ono, chifukwa dzinali lili pa botolo lililonse. Oud weniweni ndi utomoni wakuda umene mtengo wa Aquilaria wa ku Asia umatulutsa ukavulala n'kugwidwa ndi nkhungu. Ndi wosowa, malonda ake amayang'aniridwa ndi pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera zosowa lotchedwa CITES, ndipo mtengo wake ndi woopsa. Wa m'botolo la mazana angapo ndi wopangidwa m'labotale. Ukhoza kununkhira bwino ndithu, koma musalipire ngati ndi wa m'nkhalango.

Njira yachitatu: mafuta opaka

Iyi ndi imene ndimaikonda pa dzuwa lathu. Ndi timabotolo ta 3 ml, 6 ml kapena 10 ml tokhala ndi kampira pamwamba, topanda ethanol. Tina timabwera totsekedwa kuchokera ku fakitale, monga ta Al Rehab, tina amakuthirani pomwepo kuchokera m'mabotolo akuluakulu olembedwa mayina a mapefyumu otchuka. Mwambo wake ndi wakale. Ku Kannauj, ku India, mpaka lero amaphika maluwa m'miphika ya mkuwa n'kukola nthunzi yake m'mafuta, ndipo ali ndi mtundu wina umene amaphika mapale a dothi kuti akole fungo la mvula yoyamba. Nditamva zimenezi ndinakumbuka Novembala wa kwathu, madontho oyamba akagwa pa fumbi la m'munda wa nshawa, ndipo mpaka pano ndi fungo limene ndimalisakasaka.

*Mtengo.* Polowera ndi potsika kuposa njira zonse. Ndi ndalama ya ndiwo ya masiku awiri mumatuluka ndi kabotolo. Mungakhale ndi mitundu inayi isanu osamva kuwawa.

*Kupezeka.* Ali ponseponse: m'masitolo ena a ku Down Shops, m'tintemba, m'masaluni, kwa amayi oyenda ndi chikwama m'maofesi. Abale athu achisilamu amakonda mafuta otere popita ku mzikiti Lachisanu chifukwa alibe mowa, ndiye kufupi ndi iwo ndiko ndimapeza abwino. Ubwino wina ndi wakuti kuyesa n'kosavuta. Tsiku lina bambo wina wachikulire wogulitsa anandigwira dzanja, kundipaka kadontho kuseri kwa chikhatho, n'kunena kuti, "Mayi, musagule lero. Pitani mukaphike, mukasambitse ana, mawa mubwere mundiuze." Ndinabwerera, ndipo ndakhala ndikugula kwa iwo zaka zinayi.

*Kasamalidwe.* Kampira kaja kamagubuduka pa khungu n'kubweza thukuta ndi fumbi m'botolo, ndiye pakani pa khungu loyera ndipo musabwereketse. Tsekani zolimba, imikani chilili, chifukwa m'chikwama chotentha mafuta amapyapyala n'kudontha. Gulani kochepa kamene mumalize m'miyezi ingapo.

*Zoopsa.* Mafuta samwaza fungo patali monga yopopera, chifukwa palibe ethanol woliulutsa. Amakhala pafupi ndi thupi, amamva ndi amene wakupatsani moni wa m'manja. Kwa ine umenewu ndi ubwino, koma wofuna kuti anthu atembenuke akamalowa mu holo akhumudwa. Amathimbiritsa nsalu: pa bulauzi yoyera ya kuchigwirizano kapena shati ya sukulu amasiya banga losachoka msanga. Ndipo othiridwa pamsika alibe chizindikiro cha zimene zili m'kati. Ena amasungunulidwa bwino, ena ndi okhathamira oyenera kusungunula kaye, ena anapangidwira makandulo ndi sopo osati khungu. Pakani kadontho m'kati mwa chigongono, dikirani tsiku lathunthu kapena awiri. Pakafiira kapena kuyabwa, mafutawo si anu, ngakhale anunkhire motani.

Njira yachinayi: zachitini ndi body mist za m'supamaketi

Apa sindichedwapo. *Mtengo* wake ndi wotsika pogula, koma monga tawerengera kale, kachitini kamatha msanga. *Kupezeka* ndiye palibe yoposa: Shoprite, mafamase, ngakhale kagolosale ka ku Chadiza. Zili ndi chizindikiro, tsiku lothera ntchito ndi mndandanda wa zosakaniza, zimene zili zofunika kwa wa khungu lovuta. *Kasamalidwe* n'kosavuta, kungopewa kusiya chitini padzuwa kapena m'galimoto yotseka, pakuti muli gasi woyaka. *Choopsa* chenicheni ndi kukhumudwa: pakatha ola limodzi kapena awiri fungo lapita. Dziwaninso kuti zambiri mwa izi zimabisa fungo la thukuta, sizililetsa. Pefyumu iliyonse ikagwera pa thukuta la dzulo imanunkha m'malo monunkhira.

Njira yachisanu: kusakaniza nokha

Apa ndi pamene mtima wanga uli, ndipo ndi pamene ndiyenera kukuuzani zoona kwambiri. Pali misewu iwiri imene anthu amaisokoneza.

Msewu woyamba ndi kugula mafuta onunkhira okonzedwa kale n'kuwasungunula. Masamu ake ndi osavuta. Pa botolo lopopera la 30 ml la mphamvu ya eau de parfum, thirani 6 ml ya mafuta ndi 24 ml ya ethanol wa 96 pa 100. Pa kabotolo kopaka ka 10 ml, 2 ml ya mafuta ndi 8 ml ya mafuta onyamulira opanda fungo, monga jojoba kapena mafuta a kokonati osagwirana aja. Yezani ndi sirinji ya ku famase, osati ndi maso. Tsekani, gwedezani, lembani tsiku, ikani mu mdima masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: chimene tsiku loyamba chikununkha ngati chipatala, sabata lachinayi chimakhala chitagwirizana.

Msewu wachiwiri ndi kupanga fungo lanulanu kuchokera ku zinthu zosiyanasiyana, ndipo uwu ndi sukulu ya moyo wonse. Njira imene inandithandiza ndi ya Jean Carles, katswiri wa ku Grasse amene anaphunzitsa opanga ambiri. Mumatenga zinthu ziwiri zokha, n'kuzisakaniza m'timabotolo tosiyana: madontho 9 ndi 1, 8 ndi 2, 7 ndi 3, mpaka 5 ndi 5. Mumanunkhiza, n'kusankha pamene ziwirizo zasiya kulimbana n'kukhala chinthu chimodzi. Kenako mumawonjezera chachitatu. Amayambira ku tsinde, mutu umabwera pomaliza. Ine ndinatha miyezi iwiri pa lubani ndi khungu la lalanje basi, kufunafuna chitenje cha azakhali chija. Ndinachiyandikira nditawonjezera kadontho kamodzi ka vanila.

Zakumunda kwathu zimalowanso. Makoko a ndimu ouma, lubani wosinja, cloves, sinamoni ndi vanila zikamizidwa mu ethanol masabata angapo zimapereka fungo, lofooka koma lamoyo. Maluwa a frangipani mungawayale pa mafuta olimba opanda fungo, kusintha maluwa tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri, mafutawo n'kuyamwa fungo. Ku Grasse ankachita zomwezo ndi jasmine. Phula la njuchi, limene alimi a njuchi kuno kum'mawa ali nalo, limapanga pefyumu yolimba ya m'kachitini: gawo limodzi la phula, magawo atatu kapena anayi a mafuta, kusungunula pa madzi otentha, kuthira fungo zikayamba kuzirala. Iyi siidontha m'chikwama. Koma musayembekeze kuti mutcheza mafuta a bulugamu, mpungabwi kapena udzu wa tiyi wa mandimu ndi poto wa kukhitchini n'kudzaza botolo. Thumba lathunthu la masamba limapereka timadontho. Kuti apeze kilogalamu imodzi ya mafuta a rozi, alimi a ku Bulgaria ndi Turkey amathyola matani atatu kapena anayi a maluwa.

*Mtengo.* Poyamba ndi wokwera kuposa mmene anthu amaganizira. Mumagula mafuta, ethanol, mabotolo, masirinji ndi zolembera, ndipo zoyamba zingapo mudzataya. Kutchipa kumayamba pa botolo lachisanu kapena lachikhumi, makamaka pa msewu woyamba. Msewu wachiwiri sudzakupulumutsirani ndalama, umakupatsani mphuno.

*Kupezeka.* Mafuta ndi mabotolo ambiri amachokera ku Lusaka, ndipo amafika pa basi tsiku lomwelo mukagwirizana ndi wogulitsa wodalirika. Chovuta kupeza ndi ethanol woyenera. Funsani kwa ogulitsa zipangizo zopangira sopo ndi zodzola, ndipo auzeni kuti ndi wa pa khungu.

*Kasamalidwe.* Mabotolo a galasi lakuda, katoni yotseka, malo ozizira a pansi. Kope ndi lofunika kuposa zonse. Lembani dontho lililonse, chifukwa tsiku limene mudzapeze fungo lokoma mudzafuna kulibwereza. Mafuta ophikira a mpendadzuwa kapena a nshawa musawagwiritse ntchito ngati onyamulira. M'kutentha kwathu amavunda m'miyezi yochepa n'kuononga zonse.

*Zoopsa.* Safunsa anadya phula. Sipiriti wa pepo uja wa m'masitolo si wa pefyumu: amathiramo zinthu zoti asamweke, kawirikawiri methanol, amene ndi poizoni, ndipo fungo lake silichoka. Kachasu ali ndi madzi ambiri ndi fungo lakelake, pefyumu imachita mitambo n'kugawanika. Ethanol amayaka ndi lawi losaoneka bwino masana, ndiye musasakanize pafupi ndi mbaula kapena kandulo magetsi akazima. Mafuta a ndimu ndi bergamot (chipatso cha mtundu wa malalanje) ofinyidwa ku makoko amatha kuwotcha khungu likakumana ndi dzuwa n'kusiya mabanga akuda okhalitsa miyezi. Ndinaziona pa khosi langa nditapaka zoyesera zanga n'kupita ku Nc'wala ku Mtenguleni, dzuwa la Febuluwale lili pamutu tsiku lonse. Sinamoni ndi cloves nazo zimaluma zikachuluka. Bungwe la makampani opanga mafungo la IFRA, lokhazikitsidwa mu 1973, limasindikiza malire a zinthu zoterezi pa intaneti kwaulere; amene akufuna kugulitsa kwa ena awerenge asanathire botolo loyamba. Ndipo katoni yonse ikhale kumene ana safika.

Ndani atenge iti

Ngati mumatandala panja, kumsika, pa njinga kapena kumunda, tengani mafuta opaka otsekedwa ku fakitale, opepuka, n'kuwonjezera masana mutasamba m'manja ndi kumaso. Chimodzimodzi amene muli ku chigwa, ku Mfuwe ndi ku Mambwe, kumene Okutobala amadutsa madigiri 40: zotsekemera zolemera zisiyeni mpaka Juni.

Wa mu ofesi, m'banki kapena m'kalasi, amene akufuna botolo limodzi lomufikitsa chaka, apite ku za ku Dubai, koma ayambe wagula 5 ml n'kuyenda nayo sabata. Namwino ndi aliyense wogwira odwala kapena makanda, sopo ndi mankhwala a m'khwapa opanda fungo n'zokwanira pa ntchito; pefyumu idikire Loweruka.

Wa khungu lovuta kapena wa mphumu asankhe chokhala ndi mndandanda wa zosakaniza pa chizindikiro, apewe zothiridwa pamsika, ndipo apopere pa chovala chakunja osati pa khosi. Wa khungu louma, limene limamwa fungo msanga nthawi yozizira, apake kaye Vaseline pang'ono pamene akufuna kupopera.

Mwana wa sukulu kapena wa koleji amene ndalama yake ndi ya m'thumba, kabotolo kamodzi kopaka kamuposera zitini zitatu.

Za ukwati, chinkhoswe kapena mphatso ya munthu amene mumamulemekeza, apa ndi pamene botolo lenileni limayenera, logulidwa m'sitolo ya risiti ndi munthu amene walinunkhiza. Ndalama ikapanda kukwana, 10 ml yeniyeni yochokera kwa munthu amene wakuonetsani botolo lake ndi yokwanira tsikulo ndi miyezi iwiri yotsatira.

Amene akufuna kuyamba kabizinesi atenge msewu woyamba wa kusakaniza, mitundu itatu kapena inayi yokha, aziyesa pa iye mwini mwezi wathunthu, ndipo alembe dzina lakelake pa botolo, osati la Dior.

Ndipo inu amene mwawerenga za lubani ndi lalanje zija mtima n'kugunda, musayitanitse mafuta makumi awiri. Gulani atatu: limodzi la mutu, limodzi la mtima, limodzi la tsinde. Onjezani ethanol wa 100 ml, timabotolo khumi tating'ono, masirinji awiri ndi kope la masamba 32. Loweruka m'mawa, kusanatenthe, tsegulani mazenera, yambani ndi madontho 9 ndi 1, ndipo pa kabotolo kalikonse mulembe tsiku.